Pasi ya sitima ku Ulaya imalipira ulendo, koma bedi la usiku mumagula padera

Pasi ya Eurail kapena Interrail imakulolani kukwera sitima m'mayiko 33 a ku Ulaya, kuchokera ku Portugal mpaka ku Turkey, kuchokera ku Greece mpaka kumpoto kwa Norway. Chimene pasiyo siikupatsani ndi malo. Mpando pa sitima yothamanga ya ku France, kapena bedi pa sitima ya usiku yochoka ku Wien (Vienna) kupita ku Roma, mumalipira padera, ndipo malo amenewa amatha. Munthu amene wamvetsa zimenezi asanatulutse ndalama amaimva kukoma pasi. Amene sanamvetse amafika pa pulatifomu madzulo, pasi ili m'foni, katundu ali kumsana, kondakitala n'kumuuza kuti popanda kubukitsa malo sakwera.

Mapasi awiriwa ndi chinthu chimodzi, amangosiyana eni ake. Eurail, yomwe inayamba mu 1959, ndi ya anthu okhala kunja kwa Ulaya. Interrail, yomwe inayamba mu 1972, ndi ya anthu okhala ku Ulaya komweko. Chimene amayang'ana ndi kumene mumakhala, osati mtundu wa pasipoti yanu. Choncho wophunzira amene ali ndi chilolezo chokhala ku Germany amagula Interrail, ndipo pamenepo pali lamulo lina: m'dziko limene amakhala, pasiyo imagwira masiku awiri okha, lotuluka ndi lobwerera. Wa Eurail lamuloli silimukhudza.

Pali pasi ya masiku otsatizana, monga masiku 15, masiku 22, mwezi umodzi, miyezi iwiri kapena itatu, imene mumakwera nayo tsiku lililonse. Palinso pasi ya masiku osankha: masiku 4, 5 kapena 7 m'mwezi umodzi, kapena masiku 10 kapena 15 m'miyezi iwiri. Kwa anthu ambiri yachiwiriyi ndi imene imapindulitsa, chifukwa palibe amene amafuna kukhala m'sitima tsiku ndi tsiku mzinda osauona. Achinyamata a zaka 12 mpaka 27 ndi akuluakulu a zaka 60 kupita m'tsogolo amalipira zocheperako. Ana a zaka 4 mpaka 11 amapatsidwa pasi yaulere, awiri pa munthu wamkulu mmodzi, koma mpando kapena bedi lawo likafunika kubukitsa, limalipiridwa ndithu.

Tsiku loyendera ndi lamulo la pakati pa usiku

Pa pasi ya masiku osankha, chuma chanu chonse ndi masikuwo, ndiye muyenera kudziwa mmene amawerengera. Tsiku loyendera limayamba 00:00 n'kutha 23:59. Mkati mwa maola amenewa mutha kukwera sitima zochuluka mmene mungafunire. Sitima ya usiku imadya tsiku limodzi lokha, tsiku lonyamuka, bola musasinthe sitima pambuyo pa 12 koloko usiku. Ngati muwerenga malangizo akale onena za sitima zonyamuka 7 koloko madzulo itadutsa, asiyeni, lamulo limenelo linasinthidwa.

Tiyerekeze kuti m'mawa mwachoka ku Venezia kupita ku Wien, mwadya chakudya chamadzulo mumzindamo, kenako mwakwera sitima ya usiku yopita ku Hamburg. Zonsezi ndi tsiku limodzi, ngakhale mukafika ku Hamburg dzuwa litatuluka. Koma mukatsika n'kukwera ina yopita ku København m'mawa womwewo, mwatsegula tsiku lachiwiri. Apa ndi pamene anthu amawonongera masiku: atsika sitima ya usiku, kwatsala kamtunda ka mphindi 30 kuti afike kumene akagone, ndiye akutsegula tsiku lathunthu chifukwa cha kamtunda kameneko. Gulani tikiti wamba pa makina a pasiteshoni, tsikulo mulisunge.

Pali misampha ina iwiri. Woyamba: tsiku lofika liyenera kukhala mkati mwa nthawi imene pasi yanu ikugwira ntchito. Ngati mwezi wanu ukutha pa 20, simungakwere sitima ya usiku yonyamuka pa 20 n'kukafika pa 21. Wachiwiri ndi wa sitima zimene zimadutsa pasiteshoni yanu pakati pa usiku padutsa kale. Sitima yonyamuka 00:30 ndi ya tsiku latsopano, ngakhale kwa inu ukadali usiku wa Lachisanu. Anthu amabukitsa deti la Lachisanu, n'kupita kusiteshoni Lachisanu usiku, n'kupeza kuti bedi lawo linapita ndi sitima ya dzulo. Werengani deti ndi ola pamodzi, kawiri, musanalipire.

Masiku ano pasi imakhala mu app yotchedwa Rail Planner. Mukagula, mumalowetsa nambala ya pasi ndi nambala ya pasipoti, ndipo muli ndi miyezi 11 yoti muyambe kuigwiritsa ntchito. Sitima iliyonse imene mukufuna kukwera mumayamba mwaisaka mu app, kuiika pa ulendo wanu, kenako kusuntha kabatani koilumikiza ku pasi. Mukatero pamatuluka QR code ya tsikulo, imene kondakitala amaiwerenga ndi makina ake. Zimenezi muzichita musanakwere, osati mukaona kondakitala akubwera, chifukwa sitima imene siili pa pasi imawerengedwa ngati mwakwera opanda tikiti. App imafuna kulumikizidwa ku intaneti pafupipafupi, apo ayi pasi imayamba yaima. Tsiku limene mwalitsegula molakwika mutha kulifafaniza lisanayambe, koma likayamba ndiye lapita. Ndipo popeza pasi yonse ili m'foni imodzi, batire yapadera si chinthu choiwala.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwire zolimba: kuika sitima mu Rail Planner si kubukitsa malo. App ikhoza kuonetsa sitima ya usiku bwinobwino pa pasi yanu pamene mabedi onse anatha mwezi watha. Zili ngati khadi loitanira ku ukwati, lakulowetsani pachipata koma mpando silinakusungireni. Pa sitima ya usiku mumaonetsa zinthu ziwiri zosiyana, QR code ya pasi ndi tikiti ya malo anu, ndipo chimodzi pachokha sichikwana.

Si sitima zonse zimene zimafuna kubukitsa. Ku Germany, Austria, Switzerland, Netherlands ndi Belgium, sitima zambiri za masana mumangokwera n'kukhala pamene pali mpata. Kumeneko pasi imakoma kwambiri, chifukwa mukaphonya sitima mumangodikira yotsatira. Ku France, Italy ndi Spain nkhani ndi ina: sitima zothamanga zonse zimafuna kubukitsa. Frecciarossa ya ku Italy imafuna €13, TGV ya mkati mwa France imakhala pakati pa €10 ndi €20, ndipo Eurostar yopita ku London imafuna ndalama zoposa pamenepo. Pa TGV zodutsa malire ndi pa Eurostar, malo a anthu a pasi ndi owerengeka, moti mutha kuuzidwa kuti atha pamene matikiti wamba akugulitsidwabe. Dziwaninso kuti makampani ena sali mu pasi n'komwe, monga Italo, Ouigo ndi Flixtrain, komanso sitima zapansi pa nthaka, matramu ndi mabasi a m'mizinda.

Mpando, couchette kapena chipinda chogona

Sitima zambiri za usiku zili ndi malo a mitundu itatu. Wotchipa kwambiri ndi mpando. Sindikulimbikitsa munthu aliyense kukhala pampando maola khumi ndi awiri, pokhapokha ngati mabedi atheratu ndipo ulendowo sungasinthe. Magetsi, anthu okwera ndi kutsika usiku wonse, miyendo ya anzanu, nkhawa ya katundu, zonsezi zimakulandani tulo, ndipo tsiku lotsatira limene munafuna kulipulumutsa mumalithera kugona.

Couchette ndi kachipinda ka mabedi osanjikizana, asanu ndi limodzi kapena anayi. Mumapeza nsalu yoyala, bulangete ndi pilo, n'kuyala nokha. Anthu amagona atavala zovala zopepuka chifukwa amuna ndi akazi amasakanikirana, koma makampani ambiri, kuphatikizapo ÖBB, kampani ya njanji ya ku Austria, ali ndi tizipinda ta akazi okha timene mumasankha pobukitsa. Chimbudzi ndi posamba m'manja zili kumapeto kwa bogi. Ngati ndalama ilipo, onjezerani pang'ono mutenge ka anthu anayi. Mu ka anthu asanu ndi mmodzi, mpata pakati pa bedi ndi bedi ndi wochepa moti simungakhale tsonga, ndipo masutikesi asanu ndi limodzi alibe pokwana. Bedi lapansi ndi labwino kwa achikulire ndi amene amadzuka usiku, ndipo katundu amalowa kunsi kwake. Lapamwamba limatentha pang'ono ndipo mumakwera pa makwerero, koma palibe amene amakupondani, komanso pamwamba pa chitseko pali shelefu yaikulu imene chikwama chanu chimagona pafupi ndi mutu wanu. Lapakati ndi lotsalira.

Chipinda chogona chenicheni chimakhala ndi bedi limodzi, awiri kapena atatu, oyalidwa kale, ndi beseni losambira m'manja. Zipinda zina zapamwamba zili ndi shawa ndi chimbudzi mkati. Mukagula bedi limodzi m'chipinda cha anthu awiri kapena atatu, amakuikani ndi anthu ofanana nanu, amuna okha kapena akazi okha, n'chifukwa chake pobukitsa amafunsa. Mwamuna ndi mkazi wake ayenera kubukitsa pamodzi, nthawi imodzi, osati aliyense payekha. Manambala a mabedi asakusokonezeni: m'mabogi ambiri bedi 21 ndi bedi 25 ali m'chipinda chimodzi, lina pansi lina pamwamba, pamene 22 ili m'chipinda choyandikana.

Kuyambira mu December 2023, ÖBB inayamba kuyendetsa masitima atsopano a Nightjet, dzina la sitima zake za usiku, poyamba pa njanji yopita ku Hamburg, okhala ndi tizipinda ta munthu mmodzi totchedwa mini cabin. Ndi kabedi kokhala ndi chitseko chakechake, katebulo, soketi ndi kabokosi kokiya kosungira katundu wamng'ono ndi nsapato. Kwa munthu woyenda yekha amene safuna kugona ndi anthu osawadziwa, ndi malo abwino pa mtengo woyandikira couchette. Vuto lake ndi sutikesi yaikulu, siilowa m'kabokosiko, imakagona pa malo a katundu a onse.

Pa Nightjet pasi ya kalasi yachiwiri imakwanira pa malo a mtundu uliwonse, ngakhale chipinda cha munthu mmodzi. Makampani ena amafuna pasi ya kalasi yoyamba pa chipinda chotere, choncho musagule pasi ya kalasi yoyamba kapena yachiwiri musanaone lamulo la sitima imene mukufunayo.

Kubukitsa kwake

Dongosolo limene ndimaliona kuti ndi lanzeru ndi ili: yambani ndi sitima za usiku, zina zonse zizungulire pamenepo. Sitima ya masana pakati pa mizinda ikuluikulu imabwera ola lililonse kapena awiri alionse. Ya usiku ndi imodzi pa tsiku, ina katatu pa sabata, ndipo bogi yogona imanyamula anthu ochepa kwambiri. M'miyezi ya June, July ndi August, pa Khirisimasi, pa Isitala ndi Lachisanu usiku, zipinda zogona zimatha masabata ambiri ulendo usanafike. Munthu amene wayamba walipira mahotela kenako n'kumasaka bedi amakakamizika kutenga chilichonse chimene chatsala.

Nightjet imayendetsedwa ndi ÖBB, kampani ya njanji ya ku Austria, ndipo ndi imene ili ndi sitima za usiku zambiri pakati pa Ulaya: Wien, München, Innsbruck, Zürich, Hamburg, Berlin, Amsterdam, Roma, Venezia ndi mizinda ina. Malo abwino obukitsira ndi webusaiti ya ÖBB kapena ya Nightjet. Lowetsani siteshoni yonyamukira, yofikira ndi deti. Pamene pali dzina la wokwera pali malo owonjezera khadi lochotsera mtengo. Lembani Interrail pamenepo, musankhe Interrail / Eurail Globalpass, ndipo muchite zimenezi kwa munthu aliyense amene ali pa ulendowo. Kenako pitirizani ngati mukugula tikiti wamba, osati pa batani lobukitsa mpando wokha, chifukwa limenelo ndi la sitima za masana. Mtengo umene utuluke ndi wa malo okha. Pano safunsa nambala ya pasi, ndiye mutha kugwira bedi musanagule pasiyo. Bola pa tsiku la ulendo ikhale ilipo.

Pali kanthu kamodzi ka ÖBB kamene kapweteka anthu ambiri. Mukalipira, pamabwera mwayi wotsitsa tikiti yanu ngati PDF. Mukangotero, tikitiyo singabwezedwenso, ngakhale mtundu wake unali wololeza kubweza. Chifukwa chake n'chomveka, pepala losindikizidwa palibe amene angalilande. Ndiye musathamangire kutsitsa PDF tsiku logula. Dikirani mpaka mutatsimikiza kuti ulendo sukusintha, kwatsala masiku ochepa, ndipo mukatsitsa muisunge m'foni ndi papepala pomwe.

Nthawi zambiri ÖBB imatsegula kubukitsa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, koma musadalire zimenezo ngati lamulo. Ndandanda wa sitima ku Ulaya konse umasintha chaka chilichonse pakati pa mwezi wa December, ndipo maulendo a pambuyo pa tsikulo amatsegulidwa mochedwa, nthawi zambiri mu October kapena November. Ntchito yokonza njanji nayo imachedwetsa madeti ena. Choncho sitima ikapanda kuoneka pa deti lanu, sizitanthauza kuti yadzaza. Onani masiku oyandikana nalo: ngati onse a kutsogolo sakuoneka, ndiye kuti sanatsegule, muzibwerako sabata ndi sabata. Mitengo ya malo pa Nightjet imakwera malo akamachepa, ngakhale kwa a pasi, ndiye wofulumira amalipira zochepa.

Sitima zina zili ndi makomo awoawo. European Sleeper, imene inayamba mu May 2023 pakati pa Brussels, Amsterdam ndi Berlin, n'kufika ku Dresden ndi Praha mu March 2024, imabukitsidwa pa webusaiti yake posankha kuti muli ndi pasi, ndipo siiyenda usiku uliwonse. Snälltåget ya ku Sweden nayo ili ndi webusaiti yake. Caledonian Sleeper, yochoka London Euston kupita ku Scotland, imagulitsa chipinda chokha kwa amene ali kale ndi tikiti kapena pasi, ndipo siiyenda Loweruka usiku. Ku France sitima za usiku zimanyamukira pa Paris Austerlitz kupita ku Nice, Toulouse ndi Briançon. Ku Finland zimachoka ku Helsinki kupita ku Rovaniemi. Ku Italy kuli Intercity Notte, ndipo yopita ku Sicily imalowa yonse m'sitima ya pamadzi pa Villa San Giovanni kuti iwoloke kupita ku Messina, chinthu choyenera kudzukira ngati mungathe. Eurail ilinso ndi malo ake obukitsira pa webusaiti, amene amafuna nambala ya pasi ndipo amawonjezera €2 pa munthu pa sitima iliyonse. Amathandiza pamene kampani ya sitimayo ilibe njira ya a pasi pa intaneti, koma pamene njira ya kampani ilipo, yambani ndi imeneyo, chifukwa mumasankha bwino bedi ndipo pakavuta mumalankhula ndi mwini sitima.

Kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya zinthu zikadali za pawindo. Sitima ya usiku yochoka ku Sofia kupita ku Istanbul, ndi ya ku Beograd kupita ku Bar ku Montenegro, malo ake amagulidwa pasiteshoni. Mukangofika mumzinda, pitani kuwindo la matikiti a kunja tsiku lomwelo, musadikire tsiku la ulendo. Lembani papepala deti, nambala ya sitima, siteshoni ziwirizo ndi mtundu wa bedi, mupereke pamodzi ndi pasi ndi pasipoti, ndipo mukhale ndi ndalama za m'dzikolo m'manja. Musanachoke pawindo werengani tikitiyo.

Musanalipire malo alionse, chitani kasamu aka. Gawani mtengo wa pasi ndi masiku ake kuti mudziwe mtengo wa tsiku limodzi. Pamenepo onjezerani mtengo wa bedi wa anthu a pasi. Kenako chotsani khadi la Interrail pa webusaiti ija muone tikiti wamba yotchipa, imene ÖBB imaitcha Sparschiene. Mukabukitsa msanga, nthawi zina tikiti wamba ya bedi lomwelo imangoposa pang'ono mtengo wa a pasi, ndiye n'kwanzeru kuigula n'kusunga tsiku lanu. Koma ngati masana a tsikulo mwayenda kale mtunda wautali pa pasi, tsikulo latsegulidwa kale, ndipo mtengo wa a pasi ndi umene ukupindulitsani. Kumbukirani kuti Sparschiene yotchipitsitsa siibwezedwa.

Viza siiyendera pasi

Mayiko 33 a pasi si mayiko 29 a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene mumayendamo ndi viza imodzi. United Kingdom, Ireland, Serbia, Montenegro, Bosnia and Herzegovina, North Macedonia ndi Turkey ali mu pasi koma sali mu Schengen, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake olowera. App ingakuonetseni njira yabwino yodutsa ku Beograd kapena yopita ku London, koma siifunsa pasipoti imene muli nayo. Ngati viza yanu ya Schengen ndi yolowera kamodzi, mukatuluka kupita ku Serbia simudzaloledwa kubwereranso, ngakhale ndege yanu yobwerera kwanu ikunyamukira ku Frankfurt. Pofunsira viza, pemphani yolowera kangapo ngati njira yanu ikutuluka ndi kulowanso, ndipo muwerenge masiku amene akupatsani, chifukwa akhoza kuchepa kuposa masiku 90 pa masiku 180 amene lamulo limalola. Ngakhale mkati mwa Schengen apolisi amatha kugogoda usiku, makamaka polowa mu Germany, choncho pasipoti igone pafupi, osati pansi pa sutikesi. Pa malire a Turkey, pa Kapıkule, anthu amatsika sitima pakati pa usiku kukadinditsa mapasipoti.

Usiku wa ulendo

Siyani mpata waukulu pakati pa sitima ya masana ndi ya usiku, maola awiri kapena kuposerapo. Ya masana ikachedwa, ya usiku siidikira, ndipo ina ndi mawa, mwina yodzaza. Mizinda ikuluikulu ili ndi masiteshoni angapo, Budapest ili ndi Keleti, Nyugati ndi Déli, ndipo kuchoka pa Paris Nord kufika pa Austerlitz ndi ulendo pawokha. Maina amalembedwa m'chinenero cha eni dziko: Wien, München, Köln, Praha, ndipo Hbf ndi siteshoni yaikulu. Musadalire Rail Planner pa nkhani ya kuchedwa kapena kusintha kwa pulatifomu, ndiye tsikulo muziyang'ana pa DB Navigator, app ya DB, kampani ya njanji ya ku Germany, pa app ya ÖBB kapena ya kampani ya dzikolo.

Pa tikiti yanu pali nambala ya bogi ndi nambala ya bedi. Nambala ya bogi ndi imene iyenera kukutsogolerani, chifukwa sitima zambiri za usiku ndi sitima ziwiri kapena zitatu zomangidwa pamodzi, zimene zimagawana anthu ali m'tulo. Pa Nürnberg, mabogi ochokera ku Wien ndi Innsbruck amasinthana, ena kulowera ku Hamburg, ena ku Amsterdam. Ya ku Sicily imagawika pa Messina, mbali ina ku Palermo, ina ku Siracusa. Ya kumpoto kwa Scotland imagawika patatu pa Edinburgh. Munthu amene wasamukira m'bogi ina chifukwa munali phee akhoza kudzukira m'dziko lina. Pa mapulatifomu a ku Germany ndi Austria pali chithunzi kapena sikirini yoonetsa pamene bogi iliyonse iimire, ndi zilembo A, B, C. Imani pomwepo, chifukwa pa masiteshoni apanjira sitima imaima mphindi zochepa. Kweraninso pa siteshoni imene munabukitsa. Mukaganiza zokwerera kutsogolo osawauza, wosamalira bogi akhoza kupereka bedi lanu kwa wina.

Wosamalira bogi amaona pasi ndi tikiti ya malo, n'kufunsa kumene mukutsikira kuti akudzutseni. Pa Nightjet, a m'couchette amalandira kadzutsa wopepuka, mabanzi ndi tiyi kapena khofi, pamene a m'chipinda chogona amasankha zimene akufuna papepala madzulo. Sitima zambiri zilibe bogi yodyera, ndiye gulani chakudya chamadzulo ndi madzi akumwa pasiteshoni. Madzi a pampopi wa m'sitima si akumwa. Chitseko chili ndi loko ndi chotsekera china chamkati, tsekani zonse anthu akakwana, ndipo foni, ndalama ndi pasipoti zigone nanu kumutu, mbali ya kukhoma. Zimene mufune usiku, mswachi, zotsekera m'makutu, chingwe cha foni, ziikeni m'kathumba kapadera musanakwere, chifukwa kutsegula sutikesi m'kachipinda muli anthu ena asanu ndi ntchito yovuta.

Zinthu zimalakwika, ndipo zimene zimachitika kawirikawiri ndi ziwiri. Choyamba ndi kuchedwa: sitima ya usiku imadutsa mayiko angapo, imasintha injini, imadikira mabogi a mnzake, ndiponso usiku ndi nthawi yokonza njanji. Musaike ndege kapena sitima yobukitsidwa patangopita ola limodzi kuchokera pa nthawi yofika. Chachiwiri ndi bogi yogona kuwonongeka n'kuchotsedwa, anthu ake n'kupatsidwa couchette kapena mpando. Zikatero uzani wosamalira bogi akulembereni umboni pa tikiti kapena papepala, chifukwa umenewo ndi umene mukabwezere nawo ndalama ya kusiyana kwa malowo. Lamulo la European Union limati sitima ikachedwa mphindi 60 mpaka 119 wokwera abwezeredwe 25 peresenti ya mtengo wa tikiti, ikafika mphindi 120 abwezeredwe 50 peresenti. Za tsiku la pasi mumafunsira pa fomu ya webusaiti ya Eurail kapena Interrail, ndipo matikiti a malo muwasunge, chifukwa amafunika pamenepo. Ngati kuchedwako kwakuphonyetsani sitima yobukitsidwa, pitani kuwindo ndi umboni wa kuchedwa: makampani monga DB, ÖBB, SBB ya ku Switzerland ndi SNCF ya ku France ali ndi mgwirizano wolola munthu wotere kukwera sitima yotsatira ya kampani yomweyo osalipiranso, ngati muli malo. Mukasintha sitima chotero, isintheninso mu Rail Planner musanakwere.